Kodi mbiri ya yunivesite amaisunga ndani? Za mabungwe osunga mbiri pa sukulu za ukachenjede

Pa 4 May 2021, University of Malawi, monga momwe Amalawi anaidziwira kwa zaka zoposa 50, inagawika patatu. Polytechnic ya ku Blantyre inasanduka Malawi University of Business and Applied Sciences, College of Medicine ndi Kamuzu College of Nursing zinaphatikizana n'kukhala Kamuzu University of Health Sciences, ndipo Chancellor College ya ku Zomba ndiyo inatsala ndi dzina lakale. Bunda inali itachoka kale mu 2012, pomwe Lilongwe University of Agriculture and Natural Resources inayamba ntchito. Banja likamagawana katundu, maso a aliyense amakhala pa nyumba, magalimoto ndi ngongole, ndipo n'zomveka kutero. Koma pali katundu wina yemwe sawerengedwa kawirikawiri pogawana, womwe ndi mbiri ya banjalo.

M'nyumba zambiri za anthu omwe anaphunzira pa makolejiwa mumapezeka chithunzi chakale chopachikidwa pakhoma la pabalaza: anyamata ndi atsikana atavala mikanjo ya tsiku lolandira digiri, ena ataimirira kumbuyo, ena atakhala pamipando. Mukachitembenuza, kumbuyo kwake kulibe dzina ngakhale limodzi, kulibenso chaka. Mwini wake amatha kuloza ndi chala n'kutchula mwina theka la anthuwo, koma ana ake amazindikirapo nkhope imodzi yokha, ya bambo kapena mayi awo. Ntchito ya bungwe losunga mbiri ya yunivesite imayambira pa chithunzi ngati chimenechi, ndipo kuti timvetse ntchitoyo tiyenera kusiyanitsa zinthu zingapo zomwe anthu amazisokoneza.

Bungwe losunga mbiri si nkhokwe ya zikalata

Nkhokwe ya zikalata ndi ofesi ya yunivesite yeniyeniyo, yokhala ndi ogwira ntchito olipidwa, yomwe imalandira mafayilo omwe maofesi ena athana nawo koma ndi ofunika kusungidwa mpaka kale, monga maminitsi a misonkhano ya khonsolo, mapulani a nyumba ndi kaundula wa ophunzira. Bungwe losunga mbiri ndi gulu la anthu odzipereka okha, omwe nthawi zambiri amakhala aphunzitsi opuma, ophunzira akale, ogwira ntchito ndi ophunzira a lero, ndipo cholinga chawo n'kufufuza, kutolera ndi kufalitsa mbiri ya sukuluyo. Limasiyananso ndi bungwe la omwe anaphunzirapo, lomwe ntchito yake yaikulu ndi kulumikizitsa anthu ndi kusonkha ndalama zothandizira sukulu.

Chitsanzo chodziwika bwino chili ku California m'dziko la America. Stanford University, yomwe inatsegula zitseko zake mu 1891, ili ndi Stanford Historical Society, yomwe inakhazikitsidwa mu 1976. Bungweli limakonza misonkhano yokamba za mbiri ya sukuluyo, limasindikiza magazini, limaonetsa anthu nyumba zakale za pamalopo, ndipo limajambula mawu a aphunzitsi, ogwira ntchito ndi ophunzira akale. Chofunika kuzindikira n'chakuti zomwe lajambulazo limazipereka ku nkhokwe ya zikalata ya yunivesiteyo kuti zikasungidwe kumeneko. Mbali ziwirizi sizipikisana ayi, zimadalirana.

Kwathu kuno lingaliroli si lachilendo, ngakhale kuti chitsanzo chake chachikulu si cha pa yunivesite. Society of Malawi, yomwe inayamba mu 1946 pansi pa dzina loti Nyasaland Society, ndi gulu la anthu odzipereka lomwe lili ndi laibulale yake ku Mandala House mu Blantyre, ndipo lakhala likutulutsa magazini ya mbiri ndi sayansi kuyambira mu 1948. National Archives of Malawi ku Zomba, yomwe inayamba mu 1947, ndiyo nkhokwe ya boma.

Tingayerekeze ndi zakumunda. Okolola amadula chimanga n'kuchituta kukaika m'nkhokwe, ndipo imeneyi ndi ntchito ya ofesi ya zikalata. Koma m'munda mumatsala chimanga chomwe chinagwa pansi kapena chinabisika m'mapesi, ndipo pamafunika ena obwera kudzakunkha. Makalata omwe mphunzitsi analembera mnzake, nyuzipepala ya ophunzira yosindikizidwa pa makina opukusa ndi manja, nyimbo zomwe ankaimba pa bwalo la mpira, pulogalamu ya sewero lomwe linachitika kamodzi kokha: zonsezi sizidutsa mu ofesi iliyonse, ndipo popanda wokunkha zimawolera m'munda momwemo.

Chifukwa chake zikalata sazisakaniza

Akatswiri a zikalata ali ndi lamulo lomwe limaoneka laling'ono koma ndi lomwe lagwira ntchito yawo yonse. Lamuloli limati zikalata zochokera ku ofesi imodzi kapena kwa munthu mmodzi zisungidwe pamodzi, mu dongosolo lomwe mwini wake anazisiya, ndipo zisasakanizidwe ndi za kwina ngakhale zikukamba nkhani yofanana. Linalembedwa momveka ku France mu 1841, ndipo akatswiri a ku Netherlands analikulitsa mu 1898. Chifukwa chake n'chakuti kalata imamveka bwino ikakhala pakati pa kalata yomwe inaiyambitsa ndi ina yomwe inaiyankha. Mlimi wosamala sasakaniza mbewu ya chimanga cha makolo ndi ya haibulidi m'thumba limodzi, pakuti akatero sangadziwenso kuti phesi lililonse lachokera kuti.

Apa ndi pomwe kugawika kwa University of Malawi kukubweretsa funso lenileni. Maphunziro anayamba mu September 1965 ku Chichiri mu Blantyre ndi ophunzira 90, motsogozedwa ndi Dr Ian Michael wochokera ku Britain. Mu 1973 Chancellor College inasamukira ku Zomba, itameza Soche Hill College yophunzitsa aphunzitsi ndi Institute of Public Administration ya ku Mpemba. Kamuzu College of Nursing inalowa m'banjali mu 1979, ndipo College of Medicine inayamba mu 1991. Kwa zaka zonsezi makoleji anali pansi pa khonsolo imodzi ndi likulu limodzi, kutanthauza kuti ziganizo zikuluzikulu zokhudza Bunda kapena Polytechnic zinkalembedwa m'mabuku omwewo momwe munkalembedwa za Chancellor College.

Pali maganizo awiri pa nkhani yotere, ndipo onse ali ndi mfundo. Ena amati zikalata zizitsata ntchito: ngati yunivesite yatsopano yatenga udindo wophunzitsa madokotala, itengenso mafayilo onse okhudza maphunzirowo, chifukwa ndiyo idzafunsidwe za iwo. Ena amati buku la maminitsi silingang'ambidwe masamba kuti aliyense atenge ake, choncho lisungidwe malo amodzi ndipo enawo apatsidwe makope. Vutoli tinakumana nalo kale ngati dziko. Chitaganya cha Rhodesia ndi Nyasaland chitatha mu 1963, zikalata za boma la chitaganyalo zinatsala ku Salisbury, komwe lero ndi Harare, ndipo Mmalawi wofuna kufufuza bwino za zaka zimenezo amayenera kulingalira za ulendo wa ku Zimbabwe.

Bungwe la anthu odzipereka lilibe mphamvu yogamula nkhani ngati imeneyi. Chomwe lingathe ndi kulemba ndandanda wa zomwe zili kuti, kuti wofufuza wa ku Lilongwe adziwe choti akachipeza ku Zomba, ndipo ntchito ya ndandandayi, ngakhale ilibe ulemerero, ndiyo imapulumutsa zinthu zambiri kuposa mwambo uliwonse wachikumbutso.

Mbiri yapakamwa

Mbiri yapakamwa ndi njira yofunsa munthu mwadongosolo za zomwe iye mwini anaona ndi kuchita, n'kujambula mawu ake, kuwalemba, ndi kuwasunga ndi chilolezo chake kuti ena adzawagwiritse ntchito. Imasiyana ndi mbiri ya makolo yomwe imadutsa m'mibadwo, monga ya mafumu a Maravi, pomwe wokamba amanena zomwe anamva kwa agogo ake. Monga ntchito ya pa yunivesite, njirayi amaiwerengera kuyambira mu 1948, pomwe Allan Nevins anatsegula ofesi yake pa Columbia University ku New York. Ku Chancellor College, nthambi ya mbiri inadziwika m'zaka za m'ma 1970 potumiza ophunzira kumidzi kukafunsa akuluakulu za mbiri ya mitundu yawo, ndipo akatswiri ngati Kings Phiri ndi Owen Kalinga anamanga kafukufuku wawo pa umboni wapakamwa. Luso lomwelo, lomwe linagwiritsidwa ntchito pa mafumu ndi midzi, likhoza kutembenuzidwira pa yunivesite yeniyeniyo.

Pa yunivesite yomwe inakulira mu ulamuliro wa chipani chimodzi, njirayi ili ndi phindu lapadera, chifukwa zambiri zofunika sizinkalembedwa dala. Lamulo lounika mabuku ndi zisudzo linakhazikitsidwa mu 1968, ndipo Dr Hastings Kamuzu Banda, pokhala mtsogoleri wa dziko, analinso Chansala wa yunivesite. Gulu la alembi lotchedwa Writers' Group, lomwe linayamba mu 1970 ku Chancellor College, linkakumana kuti likambirane ndakatulo zomwe tanthauzo lake lenileni linkabisidwa m'mafanizo. Jack Mapanje, yemwe anali mkulu wa nthambi ya Chingerezi, anamangidwa mu September 1987 ndipo anasungidwa ku ndende ya Mikuyu osazengedwa mlandu mpaka mu May 1991. Fayilo ya ofesi ingathe kusonyeza tsiku lomwe malipiro a munthu anaimitsidwa, koma singafotokoze momwe anzake ankanong'onezerana m'khonde tsiku lotsatira, kapena yemwe ankapita mwakabisira kukaona banja lake. Zimenezi zili m'mitu mwa anthu, ndipo omwe analowa mu 1965 ali achinyamata tsopano ali ndi zaka pafupifupi 80.

Ndikuona kuti cholakwika chomwe chimachitika kawirikawiri pa ntchitoyi ndi kufunsa mapulofesa okha. Wophika yemwe anatakasa nsima ya ophunzira kwa zaka 30, dalaivala wa basi ya koleji, mlonda wa pachipata ndi mayi wotaipa mayeso amadziwa mbali ya mbiri yomwe akuluakulu sanaione, ndipo nthawi zambiri amaikamba bwino m'Chichewa, Chiyao kapena Chitumbuka kusiyana ndi m'Chingerezi. Bungwe lomwe lasankha kujambula m'Chingerezi chokha lasankhanso, mosazindikira, anthu omwe mawu awo adzamveke.

Komabe umboni wapakamwa uli ndi malire ake. Munthu amaiwala, amasokoneza zaka, ndipo mwachibadwa amadziika pamalo abwino m'nkhani yake. Zili ngati mlandu wa pabwalo la mfumu, pomwe mboni imodzi siikwanira: mfumu imamva mbali zonse, n'kufunsanso omwe anaima patali. Wosunga mbiri wabwino amaika mawu a munthu pambali pa zikalata ndi pambali pa mawu a ena, ndipo pomwe zikutsutsana amalemba poyera kuti zikutsutsana.

Moto, chiswe ndi kompyuta

Adani a pepala ndi odziwika: moto, madzi, chinyezi, chiswe, makoswe, ndi munthu wofuna malo m'chipinda yemwe amalamula kuti makatoni akale akatenthedwe. Mu 1919 moto unatentha likulu la maofesi a boma la atsamunda ku Zomba, ndipo zikalata zambiri za zaka zoyambirira za Nyasaland zinapsa, kotero kuti mpaka lero ofufuza za nthawiyo amadalira kwambiri makope omwe anatumizidwa ku London. Pa 18 December 2015 laibulale ya Mzuzu University inapsa pamodzi ndi mabuku masauzande ambiri. Mu September 2020 nyumba yaikulu ya Makerere University ku Uganda inapsa, ndipo pa 18 April 2021 moto wochokera m'mbali mwa phiri la Table Mountain unanyeketsa Jagger Reading Room ya University of Cape Town, momwe munali zosonkhanitsa zamtengo wapatali za maphunziro a Africa. Buku losindikizidwa lingagulidwenso kapena kupemphedwa kwa abwenzi, koma kalata yolembedwa pamanja ili ngati madzi, ikatayika siwoleka. Ku Cape Town, zambiri zomwe zinali m'zipinda zapansi zinapulumuka chifukwa anthu odzipereka anandandalika n'kumapatsirana makreti kwa masiku ambiri kuzichotsa m'madzi omwe anazimitsira moto.

Ambiri amaganiza kuti yankho ndi kujambula zonse n'kuziika pa kompyuta. Kuteroko kumathandiza kwambiri, chifukwa munthu wa ku Johannesburg kapena ku Manchester angathe kuona chikalata osachigwira, koma kujambula si kusunga. Aliyense yemwe ali ndi kaseti kapena disiki yakale m'kabati amadziwa kuti chinthucho chingakhale chilipo koma makina ochiwerengera kulibe. Fayilo ya pa kompyuta imafuna kusamutsidwa nthawi ndi nthawi, imafuna makope angapo osungidwa malo otalikirana, imafunanso magetsi ndi munthu wolipidwa woiyang'anira. Mu October 2023 akuba a pa intaneti anathyola makompyuta a British Library ku London, ndipo ntchito zake zambiri zinaima kwa miyezi. Laibulale yomweyo ndi yomwe, kuyambira mu 2004, imayendetsa Endangered Archives Programme, thumba lomwe lathandiza kujambula zikalata zomwe zili pangozi m'maiko ambiri, kuphatikizapo Malawi.

Chodetsa nkhawa china n'chakuti mbiri ya lero ingathe kusowa msanga kuposa ya 1970. Chidziwitso chomwe kale chinkamatidwa pa bolodi, n'kutsala kope mu fayilo, lero chimatumizidwa pa WhatsApp kapena pa Facebook, ndipo foni ikatayika kapena tsamba likatsekedwa, chapita.

Mbiri yowawa

Yunivesite iliyonse imakonda kukamba za nduna, majaji ndi madokotala omwe inaphunzitsa. Mbiri yotere ndi yoona, koma si yonse, ndipo apa ndi pomwe bungwe losunga mbiri limayesedwa. Ku America, Brown University inatulutsa lipoti mu 2006 lofotokoza momwe chuma cha malonda a akapolo chinakhudzira chiyambi chake. Georgetown University inavomereza poyera kuti mu 1838 ansembe omwe ankaiyendetsa anagulitsa akapolo 272 pofuna kubweza ngongole. University of Glasgow inachita kafukufuku wofanana mu 2018. Stanford nayo inachotsa dzina la mtsogoleri wake woyamba, David Starr Jordan, pa nyumba zake mu 2020, chifukwa cholimbikitsa chiphunzitso chakuti anthu ena ndi obadwa apamwamba ndipo ena sayenera kubereka. Ku Cape Town, chipilala cha Cecil Rhodes chinachotsedwa pa 9 April 2015 ophunzira atachita zionetsero. M'nkhani zonsezi panali mkangano: ena ankati kuchotsa dzina ndi kufufuta mbiri, ena ankati kusunga mbiri ndi kulemekeza munthu ndi zinthu ziwiri zosiyana. Koma mbali zonse ziwiri zinkafuna umboni, ndipo umboniwo unapezeka chifukwa wina anasunga zikalata zomwe sizinkakometsa sukulu yake.

Nafenso tili ndi masamba otere. Mu March 1992, mabishopu a Katolika atatulutsa kalata yawo yodzudzula ulamuliro wa nthawiyo, ophunzira a ku Chancellor College anaguba pogwirizana nayo ndipo koleji inatsekedwa. Mu February 2011, mphunzitsi wa zandale Blessings Chinsinga anaitanidwa ndi mkulu wa apolisi kuti akafotokoze za chitsanzo chomwe anapereka m'kalasi, ndipo mkangano wa ufulu wa maphunziro womwe unatsatira unaimitsa maphunziro kwa miyezi yambiri. Ambiri omwe anali mbali iyi kapena iyo akadali moyo, ena ali pa maudindo, ndipo aliyense amakumbukira mwanjira yake. Pa mwambo wa maliro, wokamba mbiri ya malemu amasankha zabwino zokhazokha, ndipo palibe amamudzudzula. Koma nkhoswe yomwe yaitanidwa kudzaunika za banja siingachite chimodzimodzi, ndipo bungwe losunga mbiri liyenera kudziwa kuti pa awiriwa ilo ndi ndani.

Malamulo nawo amakokera mbali ziwiri. Lamulo lopatsa anthu ufulu wopeza uthenga, lomwe linayamba kugwira ntchito pa 30 September 2020, limakhudza mabungwe a boma, pomwe lamulo loteteza zinsinsi za anthu la 2024 limaletsa kuulutsa mwachisawawa zokhudza munthu payekha. Fayilo ya wophunzira yemwe anachotsedwa sukulu pa zifukwa zandale ndi umboni wa mbiri ya dziko, koma ndi chinsinsinso cha munthu yemwe ali ndi ana ndi zidzukulu.

Zomwe zikadali poyera

Funso loyamba ndi la mwini. Ngati bungwe lotere lili pansi pa ofesi ya mkulu wa yunivesite, limapeza chipinda, magetsi ndi makiyi a mafayilo, koma kodi lingathe kusindikiza nkhani yomwe ikuchititsa manyazi ofesi yomweyo? Ngati laima palokha, limalankhula momasuka, koma nanga zomwe latolera zidzapita kuti tsiku lomwe wapampando wake wokangalika adzatope kapena kumwalira?

Pali funso la malire. Mayunivesite anayi omwe anatuluka m'banja limodzi angathe kukhala ndi bungwe limodzi losunga mbiri ya 1965 mpaka 2021, kapena iliyonse ingathe kukhala ndi lake n'kumakamba zaka zomwezo mwanjira yake. Wophunzira yemwe anatsiriza ku Bunda mu 1985 ali ndi digiri ya University of Malawi, koma nyumba yomwe ankagonamo ndi ya yunivesite ina. Kodi chithunzi chake chija akachipereke ku Zomba kapena ku Lilongwe?

Ndalama nazo sizinayankhidwe. Pomwe ophunzira akusowa malo ogona ndi mabuku, kodi n'koyenera kulipira katswiri wa zikalata ndi kugula mashelefu achitsulo? Ndipo ngati thandizo lichokera kunja, makope a zikalatazo adzakhala pa makompyuta a yani, ndipo adzapereke chilolezo chowagwiritsa ntchito ndani?

Chovuta koposa mwina ndi cha nthawi. Munthu yemwe wavomera kukamba za 1987 kapena za 2011 angapemphe kuti mawu ake atsekeredwe mpaka iye atamwalira, ndipo m'nkhani yakeyo angatchule mnzake kuti ndiye ankapereka ena kwa apolisi. Kodi mawu otere atsegulidwe patapita zaka zingati, ndipo wotchulidwayo, kapena ana ake, adzapatsidwa mpata wotani woyankha?